Choyezera Mvula cha a Levulo

Aliyense ankawadziwa kuti a Levulo, chifukwa cha levulo, kachipangizo kaja kokhala ndi kadontho m'kati, kamene akalipentala amaonera ngati thabwa lapendekeka. Ankayenda nako m'thumba la shati ngakhale popita kutchalitchi. Mlamu wawo, wokonza njinga pamsika, ankati tsiku lodzafunsira ukwati munthuyu anayamba wayeza benchi la apongozi asanakhalepo.

Ukalipentala anauphunzira kwa bambo awo aang'ono. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba: tebulo lalitali la vayisi yopanira matabwa, mapuleni, sowo, chitini cha guluu, ndi mulu wa utuchi umene nkhuku za akazi awo zinkaikiramo mazira. Ankakhoma zitseko, mawindo, madesiki a kusukulu, ndi mabokosi a maliro, amene sankakonda kuwatchula. Sanali munthu wa mawu ambiri. Wina akayamikira chitseko, iwo ankangoti, "Ndi mtengo wabwino," n'kubwerera ku puleni yawo.

Chaka china kunabwera anthu a kampani ya inshulansi ya mbewu. Anafotokoza kuti mlimi amapereka kangachepe nthawi yodzala, ndipo mvula ikaperewera kampani imamupatsa ndalama zoti aimirirenso. Sinkayendera munda uliwonse ayi. Inkadalira choyezera mvula, chitini chachitali chokhala ndi fanulo pamwamba ndi mizere m'mbali. Panafunika munthu woti azichiwerenga m'mawa uliwonse n'kutumiza nambala pa foni.

"Woyeza benchi la apongozi sanganame pa mvula," anatero mlamu uja, anthu n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Levulo anavomera ataweramitsa mutu. Mabanja ambiri amene analowa inshulansiyo analowa chifukwa cha iwo. Mayi wina wamasiye, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, anawauza maso ndi maso kuti, "Kampaniyo ine sindiidziwa, achimwene. Ndikudziwa inu."

Choyezeracho anachiimika pambalambanda, pafupi ndi bwalo la mpira. Sipanapite nthawi, ng'ombe inakanda msana pamtengo wake mpaka unapendekeka. A Levulo ataona, mtima unawawawa ngati aona chitseko chawo chikukhula pansi. Anachizula, anasema mtengo wina wolimba, n'kuukwirira pambali pa shedi yawo, pamene akanamachiyang'anira ali pa ntchito. Anayeza mbali zonse, kadontho kanakhala pakati penipeni. Shediyo n'kuti atangoifolera kumene ndi malata atsopano.

Mvula ya chaka chimenecho inali yongonyenga. Inkawaza pang'ono n'kuthawa, kawirikawiri anthu, ndi a Levulo omwe, ali kuminda. Koma chitini m'mawa chinkapezeka ndi madzi ooneka.

"Bambo, yadzulo ija sinagonetse ngakhale fumbi la pakhomo," akazi awo anatero tsiku lina. "Inu mukuti yafika mzere umenewo?"

"Mayi, maso amanama. Chida sichinama."

Chimanga chinafota chisanamasule. Anthu anadikira malipiro, ndipo kunabwera uthenga wakuti malinga ndi choyezera, mvula inagwa yokwanira. Mayi wa tomato uja anagulitsa mbuzi zake zonse kuti ana adye. Komabe akakumana ndi a Levulo ankawapatsa moni ndi manja awiri.

"Si inu, achimwene. Ndi mbava za m'tauni zija, zinasintha manambala anu."

Iwo ankagwedeza mutu, poti nawonso ankaganiza chomwecho.

Nthawi yodzala itayandikiranso, palibe amene ankafuna kumva za kulembetsanso. Kampani inatumiza mawu kuti kubwera mayi wina kudzakambirana ndi alimi kusukulu. Kutatsala pang'ono kuti msonkhanowo uchitike, kamvula koyamba kanawapeza a Levulo m'shedi masana, akupala thabwa. Anaima kuti amvere fungo la dothi. Madzi ankatsetsereka m'mizere ya malata, n'kukumana pangodya pamene lata lina linawerama pang'ono. Kuchoka pamenepo ankalumpha ngati akuthiridwa ndi ketulo, n'kugwera m'kamwa mwa fanulo.

Kamvulako kanasiya. Pabwalo panali timadontho chabe, nkhuku zikupalasa fumbi louma. M'chitini madzi anali atakwera ndithu. A Levulo anatulutsa levulo yawo, osadziwa chimene akufuna, n'kuiika pamwamba pa mtengo. Kadontho kanali pakati.

Chakudya chamadzulo sanachikhudze. Atawauza akazi awo, mayiwo anafunsa:

"Waona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mawa mukazule, mukabwezere kubwalo kuja. Tili ndi ana pano, bambo. Zitseko adzakugulani ndani?"

M'mawa anatengadi khasu. Atangokumba pang'ono, anamva "Odi!" kumaso kwa nyumba. Anali mayi wa tomato, beseni lili pamutu.

"Ndati ndikuuzeni ndekha, musamvere kwa ena. Chaka chino sindilembetsa. Musakhumudwe nane, achimwene, inu munayesetsa." Anatula beseni, n'kusankha tomato wakupsa bwino. "Uyu apatseni akazi anu, alamu anga."

A Levulo analandira tomatoyo ndi manja a dothi. Ngakhale zikomo sanamutchule bwino. Mayiyo atapita, anabwezera dothi m'dzenje n'kusiya mtengo uli pomwepo.

Msonkhano unachitikira m'kalasi, akuluakulu atapanikizana m'madesiki amene a Levulo anakhoma. Mayi wa ku kampani anali wachitsikana, nsapato zitayera ndi fumbi. Anayesa kujambula pa bolodi, koma anthu sanamupatse mpata.

"Amadamu, mvula yanu ija inagwa m'foni, kuminda kuno sinafike!"

"Chaka chino tilipira ndi mapesi, mwamva?"

Mtsikanayo anati manambala onse anachokera kwa munthu amene iwo eni anasankha. Chipinda chinaphulika.

"Musatchule a Levulo apa! Munasintha ndinu!"

A Levulo anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja, maso ali pa desiki.

"Amadamu sanasinthe kanthu. Choyezera ndinachisuntha ine, osauza munthu. Ndinachiika pansi pa denga la shedi yanga. Madzi amene ndinkatumiza anali a pamalata. Chikadali pomwepo, amene akufuna akaone."

Munamveka mwana akuyamwa kumbuyo. Mlamu wawo anayesa kupeputsa nkhani: "Alamu, pansi munayeza bwino, kumwamba ndiye munaiwala." Palibe anaseka, ndipo iyenso anayamba kuyang'ana zala zake.

Mayi wa tomato anatembenuka. "Ndiye kuti mbuzi zanga zinapita chifukwa cha malata?"

"Inde, mayi."

"Tomato uja munadya?"

"Ayi. Ali pawindo."

Bambo wina anatukwana n'kutuluka, ena angapo n'kumutsatira. Mtsikana wa ku kampani anati akanena kwa mabwana ake kuti ayerekeze ndi zoyezera za madera oyandikana, koma sakulonjeza kanthu, poti nkhani za chaka chatha anazitseka kale. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, ngati alipo wofuna kulembetsanso.

Mayi wa tomato anamanga bwino mpango wake.

"Ngati a kampani sanabe, ndilembeni. Chilala sichinasamuke. Koma chitinicho chikaime pakati pa munda wanga, pomwe kulibe denga ngakhale mtengo, ndipo tiziwerenga anthu awiri."

"Inu ndi ndani, mayi?"

"Ndi omwewa. Azibwera m'mawa uliwonse, adutse pakhomo pa aliyense."

Amene analembetsa tsiku limenelo anali ochepa, osafika ngakhale theka la a chaka chatha. Za malipiro akale, kampani sinayankhebe mpaka pano. Ntchito ya zitseko inachepa, monga ananenera akazi awo, ndipo pamsika ena anayamba kuwaitana kuti a Malata. Amayankha.

Mtengo uja anaunyamula okha paphewa, masana dzuwa lili pamutu, kudutsa pamsika. Atafika pakati pa munda anaima n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, mbali zonse, kenako n'kuyamba kukumba. Anamanganso kampanda koletsa ng'ombe.

Patapita masabata, anakhoma tebulo logulitsirapo tomato, lamiyendo yolimba, n'kukalisiya m'mbali mwa msewu mwini wake asanafike. M'mawa mwake anakumana ndi mayi wa tomato kumunda monga mwa nthawi zonse. Anawerenga mzere, mayiyo anawerenganso, a Levulo n'kutumiza nambala mayiyo akuona.

"Tebulo lija ndaliona," anatero mayiyo akunyamula khasu lake.

A Levulo anadikira, maso ali pansi.

"Ndi mtengo wabwino," anatero mayiyo, n'kulowa mumzere wake.