Chitsulo Chomwe Chikagwira Sichitaya

Ndikafotokoza nkhaniyi anthu ena amaganiza kuti ndikukometsera, koma ine ndilibe chifukwa chonamira, ndipo amene akukayika abwere kuno ku Mufakose adzaone yekha dzanja lamanja la amuna anga. Zinachitika masanasana ine ndikuona ndi maso angawa, ndipo ngakhale papita zaka, ana akayamba kukuwa mumsewu kuti magetsi abwera, anzanga amasangalala koma ine mtima umangoti myuu.

Tonse awiri tinabadwira kuno, makolo athu ndi aja anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafakitale. Fakitale yomwe amuna anga ankagwirako itatsekedwa, anaphunzira ntchito yoika madishi a TV, ine n'kumagulitsa tomato ndi masamba pageti. Tinkachita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba ya gogo wina wochokera ku Tete. Kwa inu amene simunaonepo ntchitoyi, kumapeto kwa kebulo ya dishi amavekako kamutu kachitsulo kotchedwa konekita, ndiye kuti kamutuko kasavuke amakapana ndi pulayala yapadera yomwe iwo amati kirimpa. Kakapanidwa mwaulesi mvula imalowa, zithunzi n'kumadukaduka, ndipo mwini TV amabwera kudzakutukwana pakhomo pako ana ako akumva.

Kirimpa yawo yoyamba itatha mano, anandituma ineyo kuti ndikawagulire ina, poti m'mawa uliwonse ndinkakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita kumsika wa ku Mbare kukapikula tomato. Anandipatsa kachidutswa ka kebulo ndi makonekita, n'kundilangiza ngati mwana wa sukulu kuti ndikasankhe yomwe bowo lake likukwanira kamutuko, ndikapanitse pomwepo, kenako ndikakoke ndi mphamvu kuti ndione ngati kavuke. Za zogwirira sananene kanthu, nanenso sindinafunse. Ndikanafunsa chiyani, poti ndinali ndisanaigwirepo chibadwire?

Bambo wogulitsa zitsulo amene ndinamupeza anali nazo ziwiri zokwanira kebulo yathu. Ina inali yatsopano, yopepuka, zogwirira zake zokutidwa ndi labala wofiira, moti ine ndinangoiona ngati chidole. Inayo inali yakale, yolemera, chitsulo chokhachokha, kungoti m'zogwiriramo munali timabuluma takuda tomatirira ngati phula. Tsono ine pankhani yogula sindifuna kuphunzitsidwa, ndipo poto ndimasankha pomunyamula, akalemera ndimadziwa kuti adzaphikira ndi zidzukulu zomwe. Bamboyo ataona kuti ndikuiyeza m'manja yakaleyo, anayamba kuitamanda mosakaniza Chishona ndi Chichewa chothyokathyoka, amvekere iyi ndi ya amisiri enieni, ili ndi mano m'kati omwe amalira kuti kete kete, ukangoyamba kufinya sibwereranso m'mbuyo mpaka itamaliza. Anati chitsulo chimenechi chikagwira sichitaya. Tinapanitsa kamutu kaja, ndinakoka mpaka chitenje kumasuka, koma sikanasunthe. Ndinaseka n'kumuuza kuti ndiye chafanana ndi ine pabanja, ndipo ndinachigula ndili wonyada.

Nditafika kunyumba, timabuluma takuda tija tinandinyansa, ndiye ndinatipala ndi mpeni n'kukwecha zogwirirazo ndi sitiliwulo mpaka kuwala ngati supuni. Amuna anga anaitembenuza kangapo, n'kunena kuti zogwirira zili maliseche, adzazikulunga ndi tepi mawa. Koma atapanira konekita imodzi anamwetulira, n'kunditcha injiniya, ndipo mawa lija silinafike. Miyezi inadutsa, makasitomala osabweranso kudzadandaula, ine n'kumadzitama kwa azimayi anzanga kuti chitsulo chomwe chikutidyetsacho ndinasankha ndine.

Pa pulotipo panali mnzathu wina wa lendi, mlonda, yemwe dishi yake inali pakhoma pafupi ndi denga. Iyeyu anapempha amuna anga kuti amusinthire konekita ya kudishiko poti inachita dzimbiri, ndipo tsikulo anakiya chipinda chake n'kupita kuntchito, TV ndi dikoda zili zolumikiza kumagetsi monga mwa masiku onse. Gogo nawonso anakiya nyumba yaikulu n'kupita kumaliro, ndipo suwitchi ya magetsi a pulotiyo inali kuchipinda kwawo. Palibe amene zinamudetsa nkhawa, chifukwa masiku amenewo magetsi ankapita m'mamawa n'kudzabwera anthu atagona, moti tinali titazolowera kuti masana waya aliyense ndi wakufa. Amuna anga anatsamiritsa makwerero achitsulo kukhoma, anavula nsapato poti zinkaterera, n'kukwera akuimba mluzu wa nyimbo ya kwaya, paja iwo sagwira ntchito pakamwa pali chete.

Ine ndinali pageti ndi tomato wanga pomwe ana a mumsewu anayamba kukuwa kuti magetsi adzoka, magetsi adzoka, kutanthauza kuti abwera. Mawailesi anayamba kulira nyumba ndi nyumba, azimayi akuthamanga ndi maketulo, ndipo nanenso ndinathamangira m'chipinda kukaika nyemba pa sitovu magetsiwo asanasinthe maganizo. Ndinadutsa pafupi ndi makwererowo osayang'ana n'komwe kumwamba. Ndili m'kati mothira madzi m'poto m'pamene ndinazindikira kuti mluzu uja watha, ndipo m'malo mwake kunkamveka kubuula kwachilendo, kotsika, ngati ng'ombe yomangidwa pakhosi.

Nditatuluka ndinawaona ali chiimire pamakwerero, mkono wamanzere utakolowekera ku chitsulo cha dishi, dzanja lamanja litafumbata kirimpa yomwe inali italuma konekita pakebulo. Thupi lonse linali litauma gwa koma likunjenjemera, mutu utapendekera kumbuyo, mano atalumana, maso akundiyang'ana koma osandiona. Ndinawaitana dzina lawo lenileni, lomwe sindinalitchulepo pagulu chikwatiwire, koma sanayankhe. Mayi wina wa mpingo wa zovala zoyera, yemwe anabwera kudzagula tomato, anagwada pomwepo n'kuyamba kupemphera mokweza kuti mzimu woipa uwasiye, ndipo ine ndinaganiza za khunyu ngakhale kwawo kulibe nthenda imeneyi. Ndinathamanga kuti ndikwere ndikawagwire, koma nditangokhudza makwererowo, chinthu chinandiluma kuchokera m'zala mpaka m'phewa n'kundikankhira kumbuyo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ndi magetsi, ndipo kuti akudutsa m'chitsulo chomwe ndinachikwecha ndekha chija.

Mudziwe kuti magetsi akagwira munthu m'manja, zala sizitambasuka koma zimafumbata kwambiri, ndiye iwo sakanatha kutaya kirimpa, nayonso kirimpa inali pakati pa ulendo, mano ake atakola, yosatheka kutaya kebulo. Ndinakankha chitseko cha mlonda, chokiya. Ndinathamangira chitseko cha gogo, chokiya. Ndinakuwa kuti anthu andithandize, koma ndani akanandimva mawailesi onse aja akulira, wina akuyesa sipika yake ya kubala? Mayi wopemphera uja anadzuka kuti akawakoke mwendo, ndipo ndinamukankha mwamphamvu moti anagwera m'ngalande, mpaka lero sitilankhulana bwinobwino.

Kubuula kuja kunayamba kuchepa, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kuposa zonse. Maso anga anagwera pa khasu lomwe ndinkalimira kadimba ka masamba kuseri kwa chipinda chathu, la mpini wamtengo, wouma. Kebulo ija inkatsika ndi khoma n'kukalowa pa windo la mlonda, ndiye ndinaitema pomwe inagona pa simenti ya windolo. Koyamba khasu linangodumpha, chifukwa kebulo imeneyi ili ndi ukonde wa tiwaya m'kati, si yoduka ngati chingwe choyanikira zovala. Ndinatemanso, ndi kutemanso, galasi la windo likusweka, ine ndikulira ndi kutukwana nthawi imodzi, mpaka kebuloyo inaduka. Nthawi yomweyo amuna anga anafewa ngati chovala chogwa pachingwe, n'kugwera chagada m'kadimba kaja, pomwe ndinali nditathirira m'mawa womwewo.

Ndinaganiza kuti ndachedwa. Milomo inali itada, m'chikhatho mukutuluka fungo lomwe sindifuna kulifotokoza, ndipo ndinawagwedeza ndikuwauza kuti asayerekeze kundisiya ndi ana m'chipinda cha lendi. Kenako anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Apo m'pamene anthu anayamba kudzaza pageti, aliyense ndi nzeru zake, wina akuti tiwamwetse mkaka, wina akuti tiwakwirire mumchenga, mpaka dalaivala wina wa kombi anatsitsa anthu n'kutithamangitsira kuchipatala. Anachira, koma zala ziwiri za dzanja lamanja zinapindika, sizitambasukanso.

Wodziwa za magetsi amene gogo anamuitana anapeza kuti TV ya mlonda inali ndi waya woperepeseka m'kati yemwe ankakhudza pomwe pamalowa kebulo, komanso waya uja amalowa pansi kuti azimeza magetsi osochera anali atadulidwa kalekale ndi akuba kopa. Amuna anga amati nkhani yonse ndi imeneyo, palibe za mizimu, ndipo sanandiimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi, amati tepi anazengereza ndi iwo. Atatuluka m'chipatala anandionetsa kachitsulo kakang'ono ngati chikhadabo pakati pa zogwirira, komwe ukakakankha mano aja amamasuka. Wogulitsa uja sanandionetse kameneko, kaya sankakadziwa kaya anaona kuti kawononga malonda.

Koma ine mtima sunakhazikike, ndiye ndinabwerera ku Mbare kukamufuna. Pamalo pake ndinapeza pali wina, ndipo mayi wogulitsa maloko pafupi anandiuza kuti bamboyo anasamuka, komanso kuti zitsulo zake zambiri ankagula kwa azimayi amasiye omwe akugulitsa katundu wa amuna awo. Madzulo ake ndinafunsa amuna anga kuti kodi labala wa zogwirira akapsa amaoneka bwanji. Anandiyang'ana, anayang'ana chikhatho chawo, n'kutuluka panja. Timabuluma takuda tija sitinali phula ayi, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa kuti linali dzanja la ndani lomwe linafumbata chitsulocho labala n'kusungunuka, nanga mkazi wake anali ndi khasu pafupi? Gogo atamva zimenezi anangoikulunga kirimpayo m'kansalu, kachidutswa ka kebulo kakadali m'mano mwake, n'kutuluka nayo. Sindinawafunse komwe anakaitaya.

Chomwe ndimakhulupirira tsopano n'chakuti amuna anga akunena zoona za waya woperepeseka, koma nanenso sindikulakwa kuopa chitsulo chomwe sudziwa chifukwa chake chinachoka m'manja mwa mwini wake. Ntchito ya madishi akuigwirabe, poti tidya chiyani, koma amapanira ndi dzanja lamanzere, ndipo kirimpa yomwe ali nayo ndi yofanana ndi chidole chofiira ndinachinyoza chija. Sakweranso khoma la munthu amene wakiya chipinda, ndipo pulagi ndimakazula ndine ngati ndili pafupi, kaya magetsi alipo kaya palibe.

Ndiye inu amene mungatumidwe kukagula chitsulo chimenechi, yesani bowo ndi kukoka kebulo monga anandiuzira ine, koma musachiyeze ngati poto. Yang'anani kaye pomwe padzagwire dzanja la munthu wanu, ngati palibe labala wathunthu chisiyeni, ndipo wogulitsa akayamba kutama kuti chikagwira sichitaya, mufunseni akuonetseni pomasulira pake musanatulutse ndalama. Ine mawu amenewo ndinawaseka, koma lero tikamapita kutchalitchi amuna anga akandigwira dzanja, ndimachita kumasula ndekha zala zawo ziwiri zija, chimodzi chimodzi, kuti andisiye ndikakhale kumbali ya azimayi.