Sipika ya ku Manda a Apongozi

Mukhulupirire kapena ayi, zanu zimenezo, koma ine ndinayimbitsapo nyimbo kumanda ndili kutali, popanda waya ngakhale m'modzi. Ndikudziwa mukuti wayambapo uja amati mbewa za ku Chiwalo zinamulanda njinga. Chabwino, za mbewazo ndinathirako mchere. Koma iyi mboni zake ndi mudzi wathunthu, ndipo mudzi wonsewo sundiyankhula mpaka lero.

Kwathu ndi ku Nazombe, koma nthawi imeneyo ndinali pa chikamwini ku Mkhumba, chaka chachiwiri. Munda unali wa akazi anga, nyumba inali pamalo a makolo awo, ngakhale tambala wotidzutsa anali wa eni ake. Zanga zenizeni zinali mikisa, ampu, masipika awiri ndi batire lotchajira pa sola. Ndinkayimba m'maukwati, m'zinkhoswe, tsiku lotsekera sukulu. Abale a akazi anga ankati imeneyo si ntchito, ndi phokoso chabe. Amene ankandiikira kumbuyo anali apongozi aakazi okha. Sitinkayang'anizana, mukudziwa mwambo wake, koma ankatuma mwana wawo kudzandiuza kuti ndisamvere za anthu, bola sindimwa.

Mdani wanga pa ntchitoyi anali waya. Ukafuna kuti anthu a pansi pa mango amve zofanana ndi a pakhonde, umayala waya pansi, ndiye pamadutsa ngolo. Ikapanda ngolo, mbuzi. Ikapanda mbuzi, mayi wina wasenza ndowa, wakodwa, nyimbo zii, anthu onse maso pa iwe. Waya wanga anali ndi mfundo zambiri kuposa wayayo, mfundo iliyonse yokulunga ndi jumbo ya shuga.

Ndiye mphunzitsi wina wa kusekondale, wochokera kumpoto uko, anandionetsa timabokosi tiwiri takuda, kalikonse ndi kaeriyo kake. Kena umalumikiza ku mikisa, kamatumiza mawu mumphepo. Kenako umalumikiza ku ampu ndi masipika kutali, kamalandira. Amati tiransimita. Ndinamupatsa foni yanga yabwino ija, ine n'kutsala ndi ka mabatani. Anandichenjeza ziwiri. Timabokosito tizionana, pasakhale nyumba kapena chulu pakati. Ndipo mawu amapita mbali imodzi basi, wotumizawe sudziwa chimene chikutuluka uko. Ndinangoti eya, eya, maganizo ali pa maukwati a m'chilimwe.

Ukwati sunabwere. Anabwera ndi maliro. Apongozi anadwala masiku anayi okha, nthawi yothyola nandolo, n'kutisiya.

Mkamwini pa maliro ntchito yake imadziwika. Nkhuni, madzi, kukatenga mabenchi kutchalitchi, kenako kuyenda pambuyo pa bokosi pafupi ndi mkazi wako. Nkhuni ndinawaza, mabenchi ndinasenza. Kenako ndinapita kwa atsibweni a akazi anga, mchimwene wa malemuwo, mwini mbumba. Ndinanjuta n'kuwauza kuti ndili ndi nyimbo za kwaya ya amayi zimene ndinajambula pa Pasaka, ndipo mawu a malemu akumveka bwinobwino pamwamba pa onse. Bwanji aperekezedwe ndi mawu awo omwe? Masipika akhala kumanda, mikisa itsala pakhomo, ine nditsala nayo chifukwa imafuna munthu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndinamera ndevu ndili chonjuta. Anafunsa ngati sizichititsa manyazi. Ndinalumbira. Anavomera chifukwa cha mlongo wawo, osati chifukwa cha ine.

Manda a kumeneko ali kutsidya kwa dimba, mtunda woti mwana wobadwa ponyamuka amakafika akuyenda yekha. Chabwino, mphindi khumi. M'mawa adzukulu akukumba, ndinafika m'mphepete mwa msitu ndi makwerero obwereka. Kuti timabokosi tionane ndinakweza zonse mumtengo wautali wa kunjira: masipika, ampu, batire m'thumba la feteleza, kolandira kaja pamwamba penipeni. Ndinamanga ndi malamba a chubu, makwerero n'kukabweza kwa eni ake. Mikisa ndinailumikiza ku kabatire ka njinga yamoto. Tinapangana ndi alamu anga, mchimwene wa akazi anga, kuti abusa akafuna kuyankhula andifulasha, ine ndizimitsa.

Poyamba zinayenda, musamve za anthu. Bokosi likutuluka m'dimba, mawu a apongozi anatsika kuchokera mumtengo, amayi ena anagwada m'njira momwemo. Ndinauzidwa kuti ngakhale atsibweni anapukuta m'maso ndi chipewa.

Kenako, bokosi lili pa zingwe, likutsikira m'dzenje, mumtengo munaphulika nyimbo ya paukwati. Ija yoti ikangoyamba azimayi amamanga chitenje m'chiuno. Masipika awiri, voliyumu yonse. Abusa anatseka buku. Adzukulu anaima ndi zingwe m'manja, osadziwa kuti atsitse kapena akweze. Alamu anafulasha mpaka chala chinatupa. Wozimitsa panalibe, pakuti zonse zinali m'mwamba ndipo makwerero anali kumudzi. Nyimbo inatha, inayamba ina. Pa yachitatu mdzukulu wina anakwera ndi mapazi amatope n'kuzula waya wa batire ndi mano. Ena amati ndi manja. Ine ndimakonda ya mano.

Anthu atabwerako palibe anandikalipira, ndipo zikanakhala bwino akanandimenya. Ankangondilambalala ngati chitsa. Ine ndinayamba kufotokozera aliyense, ngakhale osafunsa, kuti ndi wailesi ya ku Mozambiki yalowerera. Malire ali pafupi, mawailesi athu amagwira za kumeneko tsiku lililonse, nanga kabokosi kangalephere bwanji? Ena anagwedeza mitu. Atsibweni anatuma munthu kukafunsa mphunzitsi uja, ndipo iye, pondimvera chisoni, anangoti zamagetsi n'zovuta kuzimvetsa.

Anthu atatha kumeta, atsibweni anaitanitsa ankhoswe. Tinakhala m'mawa kuseri kwa nyumba, pamphasa ziwiri. Atsibweni akakwiya amasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe chakuya, chimene ine ndimamva theka, koma tsikulo ngakhale theka linandikwanira. Anati pamudzi pano maliro amenewa sadzatchulidwanso ndi dzina la mlongo wawo, adzangoti maliro a dansi aja. Nkhoswe yanga inapepesa mpaka mawu anauma. Ine ndinabwerezanso za Mozambiki, ndinajambula ndi pansi momwe mphepo imayendera.

Akazi anga anakhala kumapeto kwa mphasa, mpango wakuda kumutu. Atafunsidwa, sanayang'ane atsibweni, anayang'ana ine.

"Za nyimbozo ine ndilibe nazo mawu," anatero. "Koma amayi akutsika ndinacheuka kufuna wondigwira, inu kunalibe. Munatsaliranji?"

Ndinati mikisa imafuna munthu.

"Ndiye ine sindimafuna munthu?"

Ndinafufuta ndi dzanja zimene ndinajambula pansi zija. Atsibweni anagamula kuti ndikapumeko kaye kwathu, adzandiitana mitima ikatsika. Ndinamanga pa njinga masipika amene adzukulu ananditsitsira, mikisa pamsana, n'kukankha mpaka ku Nazombe. Kolandira kaja kanatsala mumtengo, palibe anafuna kukwera mpaka kunsonga, ndipo kotumiza kopanda mnzake ndi kabokosi chabe. Amayi anga amatsekera nako chitseko kuti mphepo isamenyetse.

Mvula yagwa, chimanga chakololedwa, nandolo wina wayambanso maluwa. Kundiitana ayi. Oitana kukayimba nawonso anatha, nkhani inafika m'misika yonse ndisanafike ine. Ndikadutsa, a kabaza amayimba likhweru la nyimbo ija. Ndimaseka nawo, nanga nditani. Ndikafika kunyumba ndimakhala kuseri kwa khola, kuyang'ana kafoni ka mabatani kamene sikalira.

Tsono poti mwakhala nane mpaka pano osandithawa, imvani imene sindinauze ankhoswe. Ku Mozambiki kulibe mlandu. Mikisa sinkafuna munthu, memori khadi imayimba yokha, ndikanatha kuisiya n'kupita. Ine ndimaopa manda. Bambo wamkulu ndi ndevu zanga, chibadwire sindinapondemo, maliro aliwonse ndimapeza kantchito kotsalira. Nzeru yonse ya masipika mumtengo inali yoti ndisafike padzenje.

Anthu atachoka ndinatsala ndekha pabwalo, ophika anali kutsidya kwa mpanda wa aneba. Masipika onse anali kumanda, ndiye ine ndinkamvera m'mahedifoni. Mawu a apongozi anali m'makutu mwanga mwenimweni, mpaka kupuma kwawo pakati pa mizere. Kutsogolo kwanga chitseko cha nyumba ya siwa chili pululu, mphasa imene anagonekapo thupi ikadali pansi. Ndinati ndiike kanyimbo kosangalatsa m'mahedifoni mokha, kwaya izipitirira uko. Pa mikisa zimatheka, ndimachita paukwati uliwonse. Koma ndi mantha aja ndinakweza kabatani kolakwika, kwaya ndinaitsitsa ndine.

Kenako ndinalowa pansi pa tebulo, ndinatsinzina, nsalu ya patebulo n'kudziphimba nayo. Foni inali m'thumba la jekete, jeketeyo ili pa msomali pafupi ndi chitseko chija. Ndinaimva ikunjenjemera pakhoma, kamodzi, kawiri, kambirimbiri. Ndinadziwa kuti ndi alamu. Mapazi asanu okha kuti ndikaitenge, koma sindinatuluke. Amene ananditulutsa ndi mayi wina wophika, atabwera kudzatenga chikombe cha mchere. Anaona mapazi pansi pa tebulo, anaona ndi thalauza momwe linalili kutsogoloku, n'kutenga mchere wake n'kubwerera. Mpaka lero sanaululire munthu, ndipo ndikakumana nawo pamsika ndimawoloka msewu.

Akazi anga akudziwa kuti anakwatiwa ndi munthu wopanda pake. Zoti anakwatiwanso ndi wamantha sakudziwa. Kawiri konse ndapalasa njinga kuti ndikawauze, koma njira yolowera kwawo imadutsa pansi pa mtengo uja, ndipo kawiri konse ndinabwerera ndisanafike padimba.