Mseu wa Kondakitala

Amalume anga ankameta anthu tsitsi m'kanyumba ka malata kuseri kwa depoti ya basi. Munali mpando umodzi, galasi long'aluka ndi makina olira ngati njuchi yodwala. Kwa zaka makumi awiri ankadziwa kametedwe kamodzi kokha: kufupikitsa.

Vuto lawo linali kuyetsemula. Tsiku lina anayetsemula makina ali pamutu pa kalaliki wina wosacheza ndi anthu. Makinawo analambula kanjira kokhotakhota kuchokera kukhutu mpaka pakati pa mutu. Kalalikiyo anagula chipewa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patapita chaka, ngozi yomweyo inagwera kondakitala wa minibasi.

"Pepani achimwene, mphuno yandichita chipongwe," anatero amalume.

Kondakitalayo anasuzumira pagalasi. "Ingosiyani choncho, madala. Ndachedwa kale."

Koma ameneyu sanali ngati kalaliki uja. M'mawa ankalendewera pakhomo la minibasi, masana ankadya ndi amakaniko, Loweruka ankagwira pagolo, Lamlungu n'kukaimba kwaya. Mutu wake unayenda tauni yonse.

Sabata isanathe anafika anyamata atatu a mpira. "Tikufuna mseu wa kondakitala."

Amalume anaika mtima wonse, nalemba mzere wowongoka bwino.

"Iyayi madala, uwu ndi mseu wa tala! Ife tikufuna wokhota uja!"

Anayesa kukhotetsa dala, koma dzanja linakana. Madzulo anadandaulira azakhali, akazi awo. M'mawa mwake azakhaliwo anangoika kambale ka tsabola wopera pansi pa galasi.

Ntchito inayamba kuyenda. Amalume ankanunkhiza, kudikira pang'ono, kenako "etsi!" mseu watheka. Anyamata a mpira anakoka amakaniko, makaniko wina anakoka mlamu wake wophunzitsa kusekondale, ana a sukulu n'kukhamukira onse. Tsiku lina anatulukira mkulu wa mpingo wa imvi zake, n'kunong'ona: "Kang'onong'ono chabe, kumbuyo, mayi asakaone."

Ngakhale kalaliki uja anabwera, nalipira kuti amuchite zomwe anabisa mwezi wathunthu.

Zinatha pamene kondakitala anapeza mbeta. Apongozi ake ananena kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wooneka ngati munda wolowa mbuzi. Kondakitalayo anameta mpala, ndipo mwezi usanathe tauni yonse inali mipala yokhayokha.

Amalume zinawawawa. "Ine ndiye ndinayambitsa zonsezi! Ndiyambitsanso china."

Anadzimeta okha mbali imodzi, kusiya inayo, n'kukakhala panja pa kanyumba kawo masiku anayi. Palibe anatengera. Mayi wina wogulitsa nthochi anangowafunsa ngati anachitidwa opaleshoni.

"Inu mumacheza ndi ndani?" anafunsa azakhali. "Ine basi. Ndipo ine sindimeta zimenezo."

Anawakhazika pampando, nawamalizitsa mbali yotsalayo.