Tamanda wagwera m'dziwe la nyumba ija

Mwaswera bwanji nonse. Ndiyambe ndi kunena kuti mwana ali bwinobwino, mitima ikhale pansi.

Lero ine ndi bambo a Tamanda tinapita naye mwanayu ku Boma kukaona nyumba yogulitsa ija, yokhala ndi dziwe losambiramo. Tikuona kukhitchini, ndinangomva khuvuu kuseri. Kucheuka, Tamanda palibe. Mmene ndinathamangira sindikudziwa, nsapato imodzi inatsala pakhomo.

Ndinamupeza ataimirira m'dziwemo, madzi akulekeza m'chiuno, ndere zili mutu wonse. Osalira n'komwe. Akundilozera pakona, ati, "Amayi, taonani achule!" Ine ndinangokhala pansi. Bambo ake ndiwo anadumphiramo ndi zovala zomwe.

Eni nyumba, bambo achikulire, anafika padziwepo. Anati, "Mayi, ndisakubisireni, dziweli lili ndi mng'alu. Ndinalidzaza kuti mudzalione bwino, koma madzi sakhalamo." Abale, likanakhala lodzaza, bwenzi ndikulemba uthenga wina. Mng'alu womwe amatibisirawo ndi umene wapulumutsa mwana wanga.

Kuchipatala amuona, wangosupuka pabondo. Panopa wagona.

Bambo ake akuti tigulebe, tikonzetse dziwelo n'kulitchinga ndi mpanda, chifukwa kumanga kumachedwa ndipo simenti ikungokwera. Ine ndikuti timange pa puloti yathu ya ku Kamwendo, za dziwe tidzaone Tamanda akakula.

Achimwene, inu munamangapo, tiuzeni zoona. Alamu, musangoikira kumbuyo m'bale wanu. Mukanakhala inu, nyumba imene ija mukanagonamo tulo?