Galimoto Imene Sinkanjenjemera

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndi chidole chimene anzanga onse m'komboni analibe. Inali pulagi ya galimoto, kachitsulo kotalika ngati chala cha munthu wamkulu, mutu wake woyera ndi wosalala ngati kapu yomwera tiyi. Anandipatsa ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankakonza magalimoto ku Heavy Industrial Area ku Ndola. Ndinaiveka kansanza n'kumaibereka kumbuyo. Inkanunkha petulo, ndipo fungo limenelo linali lachilendo m'nyumba mwathu, pakuti chibadwire changa atate ankabwera kunyumba akununkha dizilo.

Atate anachoka kwathu kum'mawa ali mnyamata, nakalowa ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Anakhala zaka zambiri akugwira makina oboola miyala. Atatuluka kumeneko anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo kampani ina yogulitsa mapaipi ndi malata ku Ndola inawapatsa lole ya dizilo ndi nyumba ya zipinda ziwiri. M'nyumba imeneyo ndi mmene ndinabadwira ine ndi ang'ono anga awiri.

Ndinene msanga chimene ine sindinkachidziwa nthawiyo. Makutu a atate anali akufa. Makina a pansi aja anawadya pang'onopang'ono, ndipo pofika chaka chimene ndikunenachi ankamva munthu pokhapokha akumuyang'ana pakamwa. Amayi okha ndiwo ankadziwa. Kampani ikanadziwa, ntchito ikanatha tsiku lomwelo, ndipo nyumba inkapita limodzi ndi ntchito.

Lole ija ndiyo inkawabisa. Inkalira moti aliyense woyankhula pafupi nayo ankachita kukuwa, ndiye palibe amene ankadabwa atate akati, “Mwati bwanji?” Komanso inkanjenjemera yonse. Atate ankaimva pampando, m'mapazi ndi m'dzanja limene linkakhala pa chitsulo cha magiya. Injini ikatopa pachitunda ankadziwa ndi msana, n'kusintha giya pa nthawi yake. Anayenda msewu wa Ndola ndi Kitwe zaka zonsezo osagunda ngakhale nkhuku.

Kenaka dziko linalandira ufulu. Mkuwa unkayenda malonda, anthu ankagula mawailesi ndi njinga zatsopano, azungu ena ankalongedza katundu. Kukampani kwa atate kunabwera bwana watsopano, munthu wakuda ngati ife, Mbemba wachinyamata wophunzira kunja. Kampani inamugulira galimoto yakuda yaitali, ya petulo, yosintha yokha magiya. Atafunsa kuti dalaivala wopanda mbiri ya ngozi ndani, anamuuza kuti ndi atate. Anawachotsa pa lole nawapatsa chipewa, jekete loyera ndi makiyi. Bwanayo ankafuna kuwalemekeza, ndikudziwa. Komabe pali masiku ena, ngakhale pano ndili ndi imvi, amene ndimamukwiyira.

Aphunzitsi athu anandiimiritsa kutsogolo kwa kalasi. “Taonani mwana uyu,” anatero. “Atate ake ayendetsa bwana wakuda m'motoka wa bwana. Ufulu ndi umenewo.” Anzanga anawomba m'manja, ine n'kumva ngati ndatalika.

Mlungu woyamba tinkaseka. Galimotoyo inali ndi zopondapo ziwiri zokha, koma mwendo wamanzere wa atate unkafunabe kilachi, chopondapo chachitatu cha pa lole, ndiye unkapeza buleki n'kuiponda ndi mphamvu ya pa lole. Bwana anagunda mphuno pampando kawiri. Atate anayamba kuvula nsapato ya kumanzere n'kupinda mwendowo pansi pa mpando kuti usiye kulowerera. Tsiku lina galimoto inakana kulira m'mawa wonse, iwo thukuta kamukamu kufufuza mawaya, kenaka n'kutulukira kuti siilira ngati kachitsulo kake ka magiya sikali pa malo oimikira. Anaitanapo anyamata kuti aikankhe, amalume n'kuwauza kuti galimoto zotere sizilira ndi kukankha. Zonsezi atate anazigonjetsa chimodzichimodzi, chifukwa anali munthu wosagonja msanga.

Chimene chinawakanika chinali kufatsa kwake. Injini ija inkayenda mwakachetechete, mpando osagwedezeka, chiwongolero chili duu. Atate akakhala m'katimo sankadziwa ngati yalira kapena ayi. Ankapotoza kiyi injini ikuyenda kale, sitata, kamakina kolizira injini, n'kulira khwee ngati nkhumba ikuphedwa, anthu n'kutseka m'makutu, iwo n'kumva kanthu kochepa chabe kakunjenjemera m'zala. Sitata inatha mano kawiri mvula isanafike pakati.

Ndipo linali dzinja la mvula yambiri. Madzi akalowa m'mawaya, injini ya petulo imazima, zimene lole ya dizilo sinkachita. Inkawazimira pamphambano m'tauni popanda chizindikiro, iwo n'kumaponda mafuta, magalimoto kumbuyo akuliza mahutala amene iwo sankawamva. Vuto lina linali bwana mwini. Pa lole atate ankakhala okha, koma tsopano kunali munthu kumbuyo woyankhula motsitsa mawu, maso ali papepala. Atate anapendeketsa kalilole wa kutsogolo kuti aziona pakamwa pa bwanayo m'malo mwa msewu wa kumbuyo.

Ankabwera kunyumba atatopa kuposa masiku a lole. Ankakhala pakhonde osavula jekete, maso ali pakhoma. Anthu odutsa ankapereka moni, ena m'Chinyanja ena m'Chibemba, iwo osayankha. Kale anthu ankati ndi phokoso la lole lawatsalira m'mutu. Tsopano lole panalibe, ndiye anapeza chifukwa china. Mayi wina woyandikana nafe, wa mpingo wa Reformed, anauza amayi pampopi ine ndikumva: “Auzeni amuna anu, ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame.” Amayi anangosenza chidebe chawo.

Ine ndinakhulupirira anthuwo. Ndinkabwera kumbuyo kwawo n'kunena kuti, “Atate, lelo napasa masamu,” iwo osacheuka. Ndinkabwereza, osacheuka. Ndinayamba kuganiza kuti chipewa chija chawalowa m'mutu, kuti munthu wozolowera kunyamula ana a bwana kumayadi a ku Northrise sangamvenso mwana wosavala nsapato. Mwana akapwetekedwa safufuza, amangosunga. Ndinaleka kuwayankhula.

Lamlungu lililonse tikachoka ku Misa, atate ankabwera nayo galimotoyo kunyumba kudzaitsuka, ndipo amalume ankabwera ndi bokosi lawo la zitsulo. Anatsuka kabuleta, anapukuta mapulagi, anamanga mawaya ndi mphira kuti madzi asalowe. Sankapeza cholakwika. “Alamu, motoka uyu ulibe matenda,” ankatero akukanda m'mutu. Atate ankayankha kuti galimoto za petulo n'zaulesi basi.

Lamlungu lina ndinali nditakhala pamwala pafupi nawo. Atate ankapukuta galasi la kutsogolo, atatifulatira. Amalume anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananyamula bokosi lonse la masipanala, nalikweza kufika pachifuwa, n'kulisiya dala ligwe pasimenti. Nkhuku zinabalalika, mng'ono wanga analira, ine ndinalumpha pamwala paja. Atate anapitiriza kupukuta galasi. Amalume anatembenuka kuyang'ana amayi amene anaima pakhomo, ndipo amayi analowa m'nyumba.

Amalume anatola masipanala awo, natsegula boneti, nachotsa pulagi imodzi yabwinobwino. M'malo mwake anaikamo ina yakutha imene anaitola pansi pa bokosi. Anapotoza kenakake pa kabuleta, nakodola atate kuti alize. Galimoto inalira motsokomola, thupi lonse likugwedezeka, kalilole akuvina. Atate anaika manja onse awiri pachiwongolero, nakhala choncho kanthawi, kenaka anaseka kuseka kumene ndinali ndisanakumve chiyambire mvula. “Manje ndiye motoka uyu!” anatero. Pulagi yabwino ija amalume anandiponyera ine pamiyendo.

Ndakhala ndikuganiza za makaniko ameneyo moyo wanga wonse. Munthu wonyadira ntchito yake, wosalola injini ichoke m'manja mwake ikutsokomola, anawononga galimoto ya eni ake mwadala kuti mlamu wake aziimva. Sanamufunse funso, sanamuchititse manyazi. Ndaona anthu ambiri opemphera mokweza, koma chifundo chotere sindinachionenso kawirikawiri.

Tinapuma milungu itatu. Sitata inaleka kulira, atate anayambanso kuimba nyimbo za ku tchalitchi posamba, amayi anagula nsalu ya makatani. Koma bwana sanagule galimoto yodula kuti izimugwedeza ngati ali pa ngolo. Anadandaula kuti ikumwa petulo kwambiri ndiponso ikumuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Anaitumiza ku galaja yaikulu ya m'tauni, ndipo kumeneko anapeza pulagi yakutha ija tsiku lomwelo. Inabwerako yofatsa kuposa kale. Bwana analamula kuti isapitenso kukomboni, ndi kuti amakaniko a pansi pa mtengo asaikhudzenso.

Za tsiku lomaliza ndinazimva kwa amalume patapita zaka. Kunali mvula yamphamvu masana, ndipo atate ankapita ndi bwana cha ku dera lotchedwa Bwana Mkubwa. Anadutsa pa chithaphwi chachikulu, naima pamene msewu unakumbika. Pampando sanamve kanthu, pachiwongolero sanamve kanthu. Anaganiza kuti madzi azimitsanso injini. Kupotoza kiyi anaopa, chifukwa bwana anali atawachenjeza kuti sitata ikatha mano kachitatu aonana. Ndiye anatsika kuti akapukute mawaya, nasiya galimoto ili m'giya, monga ankachitira ndi lole zaka zonse kuti isagubuduke.

Injini inali ikuyenda. Galimoto yotere ikakhala m'giya imayenda yokha pang'onopang'ono, ndipo dzenje limene linagwira tayala silinaigwire nthawi yaitali. Atate anali atafulatira, akulimbana ndi ambulera imene mphepo inaitembenuza. Bwana anakuwa ali kumbuyo, anamenya galasi, anawatchula dzina. Galimoto inayenda mpaka kukalowa mutu m'ngalande. Bwanayo anang'ambika mlomo pang'ono chabe, ndipo za ngalandezo mwina akanakhululuka. Chimene sanathe kuchiiwala n'chakuti anaona munthu ataima mapazi ochepa kuchokera pa iye, akumukuwira ndi mawu ake onse, munthuyo osatembenuka.

M'mawa mwake anawatumiza kwa dokotala wa kampani. Dokotalayo anaima kumbuyo kwawo n'kumatchula manambala, atate ali chete kuyang'ana khoma. Atate anapempha kampani kuti iwabwezere pa lole, poti kumeneko sanalakwepo. Anawayankha kuti tsopano nkhaniyo yalembedwa, ndipo dalaivala wosamva sangapatsidwe galimoto ya mtundu uliwonse. Anatipatsa mwezi umodzi wotulukira m'nyumba.

Atate analetsa amayi kutiuza ife ana. Anati bola anthu azinena kuti anachotsedwa chifukwa cha matama kusiyana n'kuti aziwaloza kuti gonthi uyo. Ndimawamvetsa tsopano, koma ndinene zoona, analakwa. Manyazi awowo anandilipiritsa ine. M'komboni ankati njovu yamugwetsa, ndipo ine mumtima ndinkavomereza.

Makolo anga anagwirizana kuti atate atsogole kumudzi kukamanga nyumba, ife titsale kwa amalume mpaka sukulu itatsekera. Anapeza lole yopita kum'mawa imene inavomera kunyamula bedi, mipando iwiri ndi malata ochepa. Unali m'mawa, mvula itangokata, dothi lofiira likumata kumapazi. Atate anatisisita pamutu mmodzimmodzi. Atafika pa ine ndinayang'ana pansi. Anakwera kumbuyo kwa lole okha, nakhala pakati pa katundu atayang'ana kutsogolo, dzanja lili pa chitsulo cha m'mbali. Sindinawaonenso. Chifuwa cha m'mgodi chinawatenga nyengo yozizira ya chaka chomwecho, ife tisananyamuke. Za makutu awo ndinauzidwa ndili ndi mwana wanga woyamba kumsana.

Lole itayamba kuyenda, mkwiyo wonse wa miyezi ija unandithera nthawi imodzi. Ndinathamanga pambuyo pake m'matope. Ndinkafuna kuwauza kuti sindinakwiye, kuti chipewa ndi jekete zilibe ntchito, kuti andiyang'ane kamodzi kokha. Ndinakuwa kuti “Atate!” Ndinakuwanso mpaka kukhosi kunawawa, agalu a m'komboni n'kuyamba kuuwa, amayi ena n'kutuluka m'nyumba zawo kudzaona. Msana wa atate unali pomwepo, pafupi moti ndinkaona chigamba chimene amayi anasoka paphewa. Sanacheuke.

Ndinaima pamene msewu umakhotera, utsi wa dizilo uli m'maso. Kenaka ndinabwerera pang'onopang'ono kwa amayi, amene anali ataimabe pamalo omwe aja ndi mwana m'manja.

“Naitana katatu,” ndinawauza. “Amvela, koma sanifuna.”

Amayi anatsegula pakamwa ngati anena kanthu. Anayang'ana amalume, anayang'ananso msewu, kenaka anatseka pakamwapo, chifukwa anali atalonjeza. Ine ndinaona kuti akhala chete, ndipo ndinati mumtima mwanga, ndiye kuti n'zoona, atate sandifuna.