Sikana ya alamu ndi mapemphero a m'tabuleti yanga

Alamu anga, achimwene awo aakulu a mayi akunyumba, anabwerako ku Joni chaka chimene nandolo anagwa mtengo. Anzawo pobwera amatenga malata kapena njinga yamoto. Iwo anabwera ndi jekete lachikopa, chifuwa chosamva mankhwala, ndi kawailesi kakuda ka mlongoti ngati ka apolisi. Anati dzina lake ndi sikana. Sikaimba nyimbo, sikawerenga nkhani, ndipo munthu sungalankhulirepo. Ntchito yake ndi kutola zimene anthu ena akuuzana pa mawailesi awo a kuntchito. Alamu anadutsa mayiko awiri kudzatipatsa miseche yoyendera mabatire.

"Apa ndizimva anthu a sitima kuyambira ku Liwonde mpaka ku Nayuchi," anatero. "Amayi ogulitsa chinangwa asamapsenso ndi dzuwa pa siteshoni. Nthawi ya sitima azidzafunsa ine."

Kawailesiko kankafuna pulogalamu ya pafoni yokauza pomvera. Foni ya alamu inali yosweka galasi, choncho maso awo anagwera pa tabuleti yanga.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Balaka, ndinadzakwatira kuno pakati pa Nsanama ndi Nayuchi. Munda umene ndimalima, mango amene ndimadya, ngakhale dothi limene ndinaumbira njerwa, zonse ndi za mbumba ya alamu. Mwini mbumba akati ndibwerekeni, amangotchula mawuwo mwaulemu, chinthucho watenga kale. Ndinakumbuka mfumu ya m'Baibulo ija inasirira munda wampesa wa mnansi wake. Mwini mundayo anakana, ndipo kumene anathera tonse tikukudziwa.

Tabuletiyo ndinaigula yogwirapo kale ntchito maso atayamba kuchita chidima, chifukwa zilembo za Baibulo zimakula ukazikoka ndi zala. Koma chuma changa chinali m'kabuku kolembamo ka m'kati mwake. Mumpingo mwathu ine ndimayendera odwala. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkalembamo aliyense amene ndamupempherera, vuto lake, ndi vesi limene tinawerenga. Ambuye akayankha ndinkabwerera kukalemba m'munsi mwake. Masiku amene mtima wanga wauma, ndinkawerenga m'menemo n'kudzukanso. Kwina kulikonse sindinazilembe.

Pulogalamuyo alamu anakaikitsa ku Nsanama, kwa bambo wina woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Atafika nayo kunyumba n'kuitsegula, panaoneka kamkombero kozungulira. Kankafunafuna wailesi imene inali pamphasa pomwepo, yogundana ndi tabuletiyo. Kanazungulira Lolemba lonse.

Lachiwiri alamu anayamba kuchiza. Anauzira mpweya m'kabowo kotchajira. Anachotsa mabatire a wailesi, kuwaluma, kuwayanika padzuwa ngati makaka. Kenako anakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene mudzi wonse umakaimbira foni, wailesi dzanja ili tabuleti dzanja ilo, manja m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Ndinaona ndi maso anga aneneri a m'Baibulo aja anafuula paphiri tsiku lonse mulungu wawo ali chete.

"Kwezani mawu, alamu," ndinatero. "Mwina yapita kumsika."

"Inu apempheri, m'malo moseka bwanji osabwera kudzaisanjika manja?"

"Ine ndimapempherera zolengedwa ndi Mulungu. Za ku Joni zili ndi eni ake."

Panjira pankadutsa mnansi wathu, Msilamu wogula thonje, akukankha njinga. Anaima, anaitembenuza tabuleti uku ndi uku ngati akuyesa kulemera kwake.

"Yadzaza iyi," anatero. "Thumba likadzaza ngakhale upondere sililowa kanthu. Muchotsemo zina."

Munthuyo sanakonzepo foni chibadwire, koma alamu analandira mawu ake ngati atsika nawo kuphiri. Anafufuta nyimbo zonse za kwaya zimene ndinasungamo. Kamkombero kanapitiriza kuzungulira. Pofika madzulo chigamulo chinatuluka: tabuleti ikaflashidwe, ndiko kuti ifufutidwe zonse ikhale ngati yatsopano.

Ndinakana. Koma ndinakana chikamwini, kuyang'ana pansi n'kumati tiona. Alamu atachoka, mayi akunyumba anandipeza pakhonde.

"Bambo, achimwene awauza kale amayi a pa siteshoni. Mukufuna aziwaseka mudzi wonse?"

"Nanga mayina a anthu anga?"

"Kodi Mulungu sanawasunge? Kapena nayenso amawerenga pa tabuleti yanu?"

Chiphunzitso chawo chinali cholondola, kungoti ndinali ndisanachionepo chikugwiritsidwa ntchito polanda munthu katundu. Ndinapempha masiku awiri kuti ndikopere papepala. Alamu anati sitima idutsa Lachinayi, ndiye ku Nsanama ndi mawa lomwe. Kutacha ndinang'amba tsamba la kalendala n'kuyamba kukopera kuseri kwake. Ndi maso angawa ndinali nditalemba mayina ochepa chabe pamene alamu anafika atavala jekete lija, kunja kukutentha choncho.

Bambo wa ku Nsanama anali munthu wachilungamo. Asanadine kanthu anandiyang'ana ine.

"Madala, zonse zipita. Mwavomera?"

"Avomera," anayankha alamu.

Bamboyo anandiyang'anabe. Ine ndinakhala duu ngati nkhosa pamaso pa woimeta. Ndimanena izi mosadzitama, chifukwa kukhala chete kwanga sikunali kufatsa kwa oyera mtima. Anali mantha a munthu wodya za eni. Ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi inatha tiyi amene ndinagula pa kantini asanazizire.

Bamboyo anaikanso pulogalamu ija n'kuitsegula. Panatuluka kafunso ka m'Chingerezi. Asanamalize kukawerenga, chala cha alamu chinadutsa pamwamba pa phewa lake n'kudina.

"Mwadina chiyani, bwana?"

"Ndakana. Ikufuna idziwe pamene ndili. Zimenezo ine iyayi. Zaka zonse ku Joni ndakhala wopanda mapepala, sindinagwidwepo. Mukudziwa chifukwa chake? Foni ikangofunsa pamene ndili, ndimakana."

"Koma popanda kuvomera pamenepo singaione wailesi yanuyo. Anaipanga choncho. Tsiku loyamba lija inakufunsaninso?"

"Inafunsa kawiri. Ndinakana kawiri."

Bamboyo anaitenga tabuleti. Analowa mokonzera zinthu za m'kati mwake, anavomereza funso lija. Kamkombero kanazungulira kamodzi n'kuima, ndipo kawailesi kanalira kuti tii. Tabuleti sinadzazepo, sinadwalepo. Inkangodikira kuti alamu avomere kuti ali ku Machinga.

"Alamu," ndinatero, "kuno akukufunani ndani? Pamene mumagona ngakhale mbuzi zikupadziwa."

"Chachikulu yatheka," anatero, akupukuta mlongoti ndi mkono wa jekete.

Lachinayi anakakhala pa siteshoni, amayi a chinangwa atawazungulira. Kawailesi kankangolira ngati mafuta m'chiwaya. Kamodzi kokha kanatola mawu a mlonda wa kwinakwake akufunsa mnzake amene watenga tochi. Anthu a sitima sanamveke. Sitimayo anayamba kuimva ndi amayi omwewo, ndi makutu awo, n'kunyamula madengu kuwasiya alamu akupotokola mlongoti. Masiku ano sikanayo ili pazenera, imatsekera katani kuti isauluke ndi mphepo.

Za kukhululuka ndimazidziwa, ndipo ndimaziphunzitsa ena. Ndinawakhululukira alamu Lachisanu, ndinawakhululukiranso Loweruka, ndipo Lamlungu ndisanapite kumgonero ndinapeza kuti ntchitoyo iyenera kuyambiranso. Iwo sanadziwe n'komwe kuti akukhululukidwa.

Ndinagula kope la ana asukulu. Masana angapo tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi mayi akunyumba, kukumbutsana mayina nyumba ndi nyumba. Ena ndinachita kukawafunsa kuti kodi paja ndinadzakupemphererani chiyani, ndipo ndinapeza kuti anthu ambiri akachira amaiwala chimene ankadwala. Ena sindingawafunsenso, anagona. Vesi limene tinawerenga ndi mayi wina wamasiye tsiku lake lomaliza ndalifunafuna mpaka lero silinabwere.

Tsiku lina mayi akunyumba akusoka, anaika singano pansi.

"Mwaiwala dzina limodzi. Achimwene atasowa ku Joni zaka ziwiri osaimba foni, si inu munkagwada tsiku ndi tsiku kuti abwere amoyo? Lembani. Limenelo linayankhidwa."

Ananena zoona. Ndinalemba dzina la alamu, m'munsi mwake ndinalemba kuti Ambuye anayankha, ndipo ndinayamika ndi mtima woona, pakuti munthuyo anabweradi wamoyo. Kungoti kuyambira pamenepo, ndikamapempherera a paulendo, ndimatchulanso katundu amene abwere naye.