Dothi la m'chitini cha mabisiketi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anatiumba ndi dothi, chifukwa mdzukulu wanga ali moyo ndipo akuyamwa. Koma mtima wanga sunazizirebe.

Mpongozi wanga atakhala ndi pakati anayamba kulakalaka dothi. Sindinadabwe. Inenso ku Dedza ndinkaswa chulu n'kumadya ndili woyembekezera. Koma kuno ku Etobicoke, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tikukhala, chulu ungachipeze kuti, pansi ponse pali phula?

Kutchalitchi kwathu kuli mayi wina amene amapitapita kumudzi n'kumabwera ndi katundu. Lamulungu lina titaweruka anamukokera mpongozi wanga pambali, n'kumupatsa chitini cha mabisiketi chodzaza ndi timibulu takuda.

"Ili si la chulu ayi, mwana wanga," anatero. "Ndi la ku Mozambique, kunyanja yamchere, pansi pa mitengo ija yomera m'matope. Lili ndi kamchere. Ukalawa sulisiya."

Sanalisiyedi. Ankaliika m'chikwama n'kumadya m'basi popita kuntchito. Kenaka m'mimba munayamba kupota, thupi lonse kufooka. Adokotala atafunsa zomwe amadya, iye anachita manyazi, ndinayankha ndine. Anamuyeza magazi, anayezanso dothilo. Monsemo anapeza mtovu, chitsulo cha poizoni chija, umene umadutsa mpaka kwa mwana n'kuwononga ubongo.

Mwana wanga, mwamuna wakeyo, anawerenga za matopewo n'kundifotokozera. Akuti matope a pansi pa mitengo imeneyo amagwira chilichonse osataya. Masamba akagwa amakwiririka momwemo, ndipo mpweya umene ukanakwera kukatenthetsa dziko umatsala pansi zaka zambirimbiri. Ndi nkhokwe imene Mlengi anaika pagombe. Koma zoipa zochokera m'mafakitale ndi m'madoko, zikatsika ndi madzi, matopewo amazisunganso mokhulupirika momwemo.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima. Tinapatsidwa munda kuti tiusamale, anthu ausandutsa dzala. Amathira poizoni wawo m'madzi n'kupita kwawo kukagona, wolipira n'kukhala khanda losabadwa la kutsidya kwa nyanja. Adzayankha pamaso pa mwini dziko.

Mayi uja ndinamupeza pakhomo la tchalitchi.

"Amayi, dothi lija analikumba pati?"

"Aa, inunso amayi, ine ndinangogula pamsika. Kwathu timadya tonse. Anafa ndani?"

"Mdzukulu wanga watsala pang'ono," ndinatero.

Pamsonkhano wa amayi ndinaika chitinicho patebulo, pafupi ndi Baibulo, n'kunena zonse. Atsikana ena anawerama. Mmodzi anatsegula chikwama chake mwakachetechete n'kutulutsa kapepala kokulunga timibulu tomweto.

Mdzukulu wanga anabadwa wochepa thupi. Mpaka lero amamubaya kachidendene kuti aone magazi, ndipo akalira ndimakwiyanso. Sitikudziwa ngati mutu wake udzagwire bwino. Tikudikira, tikupemphera.

Inu owerenga, Ambuye akudalitseni, ateteze ana amene ali m'mimba mwa ana anu, ndipo nthaka imene mumapondapo ikhale yoyera.